Ufa wogawana pakati: nkhani ya banja lomwe kaundula wathu sankaliona

Nkhokwe yathu ya chakudya ili kum'mawa kwa Harare, mbali ya Mabvuku ndi Tafara, m'holo ya mpingo wina yomwe tinabwereka. Ine ndine mlembi wa komiti: ndimasunga kaundula ndi kuyendera mabanja. Timagawa kamodzi pa mwezi ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere, nthawi zina kapenta, nyama ya soya kapena nyama ya m'chitini. Chakudya chambiri chimachokera ku bungwe lina lachifundo. Chotsalacho amasonkha ndi akhristu a mpingowo, bungwe la maliro la anthu a kwathu, ife olankhula Chichewa kuno, ndi amalonda angapo a ku Mbare Musika. Lipotili ndalembera anzanga oyendetsa ntchito ngati yathuyi. Mayina onse ndabisa, ndipo eni nkhani anavomera kuti ndiilembe.

Chaka cha 2024 mvula inakana chifukwa cha El Niño. Pa 3 Epulo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala, ndipo sabata yomweyo kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, mitengo m'misika n'kumangosinthasintha. Timinda ta m'mbali mwa misewu, tomwe anthu a m'tauni amadalira, tinauma chimanga chisanabereke. Kwa anthu ambiri a mu Harare njala ikavuta, abale a kumudzi amatumiza thumba la chimanga pa basi. Chaka chimenecho silinabwere. Koma alipo ena omwe thumbalo silinawabwererepo chiyambire, poti m'dziko muno alibe mudzi. Awa ndi ana ndi adzukulu a anthu omwe anachoka ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, dzina lakale la Harare. Ambiri mwa ife olankhula Chichewa kuno ndife mbumba imeneyo.

Malamulo olembera anthu ndinawapeza alipo kale. Wolembetsa abwere ndi chitupa, poloti imodzi ilandire gawo limodzi, ndipo mwini dzina abwere yekha kudzatenga. Omwe anawakhazikitsa sanali anthu oipa mtima. Zaka zam'mbuyomo panali anthu olembetsa kawirikawiri ndi mayina osiyana, ndipo panali nthawi ina yomwe anyamata a ndale anafuna kulanda mndandanda. Malamulowo anatseka mipata imeneyo, ndipo aliyense ankawaona ngati achilungamo chifukwa ankagwira munthu aliyense mofanana. Nayonso fomu ya bungwe lotithandiza inali ndi mpata wa nambala ya chitupa, ndipo mzere wopanda nambala sunkawerengedwa.

Dandaulo

Linabwera m'mwezi wa Juni, kukuzizira. Munthu wina wolandira nawo anauza wapampando kuti mayi wina, yemwe amachapa zovala m'mayadi a anthu, akugulitsa chakudya cha nkhokwe. Akuti mwezi ndi mwezi, akangofika nacho pakhomo, amathira theka la ufa m'ndowa, kamtsikana n'kusenza kupita nayo pa poloti yoyandikana. Lamulo lathu limati wogulitsa aimitsidwe miyezi itatu. Limanenanso kuti asaimitsidwe anthu awiri a m'komiti asanamuyendere ndi kumva mbali yake. Ena ankati ulendowo ndi wotaya nthawi poti mboni ilipo kale. Wapampando anakana, nati lamulo litsatidwe lonse osati theka. Akanalola kudumpha, mayiwo akanachotsedwa, mabanja awiri akanagona ndi njala, ndipo ife sitikanadziwa kanthu.

Ndinapita ndi mnzanga wina wa m'komiti. Titanena chomwe tabwerera, mayiwo anati: "Asisi, ine sindinagulitsepo ngakhale kapu imodzi. Tiyeni mukaone komwe ufawo umapita."

Poloti yoyandikanayo ili ndi nyumba ya njerwa kutsogolo, momwe amakhala landilodi, ndipo kuseri kuli makabini a matabwa momwe mukukhala mabanja asanu ochita lendi. M'kaundula wathu polotiyo inalimo, pa dzina la landilodi. Ndiye kuti pa pepala anthu onse a pamenepo anali othandizidwa.

M'kabini yakumapeto tinapeza agogo atakhala pa mkeka, miyendo itatambasulidwa chifukwa maondo ndi otupa. Zaka zawo sazidziwa bwino, koma malinga ndi zomwe amakumbukira zikuzungulira pa 70. Bambo awo anali Myao wa ku Mangochi, anabwera m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Agogowo anabadwira m'komboni ya famu ya fodya mbali ya Mvurwi, ndipo kubadwa kwawo sikunalembetsedwe kulikonse. Anakwatiwa komweko. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ntchito ndi nyumba zinatha tsiku limodzi, ndipo banjalo linathawira ku Harare. Mu 2005, pa nthawi ya Murambatsvina, pomwe boma linkagwetsa nyumba zomwe linkati ndi zosaloledwa, kanyumba komwe ankachita lendi kanagwetsedwa, ndipo timapepala tochepa tomwe anali nato, khadi la ku kiliniki ndi khadi lakale la ntchito la amuna awo, tinatayika pomwepo. Amuna awo anamwalira. Mwana wawo wamkazi anapita ku Johannesburg kukasaka ntchito, n'kuwasiyira adzukulu atatu, ndipo patha nthawi yaitali osamveka. Mwa ana atatuwo palibe ali ndi satifiketi ya kubadwa. Wamkulu, mtsikana wa zaka 12 yemwe ankasenza ndowa uja, anali atasiya sukulu. Banjalo linkadya kamodzi pa tsiku, madzulo.

Ndinawafunsa ngati anayesapo kulembetsa kwa ife. Anati eya, anabwerapo kamodzi, atagwiriziza ndodo. Wa pa geti anawafunsa chitupa, iwo anati alibe, anauzidwa kuti abwere akachipeza. "Sindinalimbane nawo, mwana wanga. Funso limenelo ndalimva moyo wanga wonse. Ndinangobwerera." Nditafika kunyumba ndinafufuza m'mabuku athu onse. Za kubwera kwawo munalibe. Mabuku athu ankalemba anthu omwe tawalandira okha, ndipo wobwezedwa pa geti sankasiya chizindikiro chilichonse. Anzanga, ngati pali chinthu choti muyang'ane m'mabuku anu sabata ino, ndi chimenechi. Mukhoza kukhala ndi kaundula waukhondo, manambala onse ogwirizana, pamene anjala kwambiri m'dera lanu akubwerera pa geti osalembedwa paliponse.

Za chitupa ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa anthu omwe sanakule m'mavutowa amaganiza kuti ndi ulesi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa. Munthu yemwe ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo ake anayenera kuukana motsata malamulo a dziko linalo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri a m'makomboni sanamve n'komwe. Ena anatsala ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, ena anatsala opanda dziko lililonse. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi pa ndime 43: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Choncho pamaso pa lamulo agogowa ndi nzika ngati wina aliyense. Chomwe alibe ndi umboni. Kuti upeze chitupa pamafunika satifiketi ya kubadwa, kuti upeze satifiketiyo pamafunika mapepala a makolo kapena mboni zodziwa kubadwa kwako, ndipo makolo anapita kale, anthu a m'komboni anabalalika. Mayi akakhala wopanda pepala, mwana wake amavutika kulipeza, mdzukulu chimodzimodzi. Ngakhale laini ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, ndiye kuti thandizo lotumizidwa pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, limawadutsanso. Ndime 77 ya malamulo omwewo imati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chakudya chokwanira. Mawu ake ndi akuti munthu aliyense, sakunena za nzika kapena wa chitupa.

Koma ngakhale agogo akanakhala ndi chitupa, lamulo la poloti likanawatsekereza ndithu, poti landilodi anali atatenga kale malowo. Akanalumpha limenelo, lamulo loti mwini dzina abwere yekha likanawaimika pa mzere maola angapo ndi maondo amenewo. Tinkagawanso Lachisanu masana, nthawi ya swala, ndipo tisanayambe kugawa pankakhala pemphero ndi ulaliki waufupi m'holo. Agogo ndi Msilamu. Sanadandaule za pempherolo, anangoti akanachita manyazi kukhala chete anzawo akuimba. Nyama ya m'chitini yomwe mayi wochapa uja ankawagawira ankaibweza, poti sankadziwa ngati ndi halaal.

Zomwe tinagamula

Za mayi wochapa sizinavute. Komiti inawachotsera mlandu, ndipo wodandaula uja anauzidwa zoona zake. Mayiwo anapempha kuti tisawatchule pa gulu. Kwa miyezi ingapo ana awo omwe ankadya theka la gawo lawo. Sabata yomweyo tinapereka kwa agogo gawo ladzidzidzi kuchokera pa zosonkha za mpingo, n'kulilemba m'buku momwe linalili.

Funso lovuta linali loti zikatero, kenako chiyani. Wapampando, mwa chifundo chenicheni, anati tiziwapatsa mwakachetechete mwezi ndi mwezi kuchokera pa zosonkhazo, kaundula tisamukhudze. Ine ndinakana njira imeneyo. Thandizo loperekedwa mobisa limadalira munthu yemwe akulipereka, ndipo iye akachoka pa mpando limatha. Limabalanso miseche. Komiti yathu ili ndi Ashona ndi a kwathu, ndipo tsiku lomwe anthu akanaona thumba likutuluka kuseri kupita kwa agogo olankhula Chichewa, akanati mlembi akukondera a kwawo, ndipo sindikanatha kuwatsutsa. Koposa zonse, ngati malamulo athu anabweza agogowa, ndiye kuti anabwezanso ena. Tinagwirizana kuti tiyambe tafufuza kuti enawo ndi ndani.

Sitinayende khomo ndi khomo kufunsa kuti ndani alibe chitupa. Munthu yemwe anagwetseredwapo nyumba akaona anthu ali ndi bukhu akufunsa za mapepala, amatseka chitseko. Tinadzera mwa anthu omwe amawakhulupirira kale: akuluakulu a bungwe la maliro, amayi a ku mzikiti, azaumoyo oyenda m'makomo, ndi amayi omwe amayang'anira mizere pa mijigo. Ku Mabvuku ndi Tafara madzi a m'mipope akhala akusowa kwa zaka zambiri, ndipo pa mjigo ndi pomwe nkhani za m'dera zimadziwikira. Funso lathu linali limodzi: ndi banja liti lomwe mukudziwa kuti likugona ndi njala koma silili pa mndandanda wa nkhokwe?

Zomwe zinabwera ndi zomwe zinatembenuza nkhani. A kwathu analipo ambiri, inde, pamodzi ndi mabanja ochokera ku Mozambique. Koma panalinso mayi wamasiye wa Chishona yemwe chitupa chake chinapsa ndi nyumba, ana amasiye omwe wamkulu wawo anali asanafike zaka 16 zotengera chitupa, bambo wina wa vuto losamva yemwe anabwerapo pa geti koma sanamvane ndi wina aliyense, ndi ochita lendi ambiri a mitundu yonse omwe zitupa anali nazo koma malo awo anatengedwa ndi alandilodi. Gulu lomalizali ndi lomwe linali lalikulu kuposa onse.

Msonkhano wa komiti unali wotentha. Yemwe anatsutsa kwambiri sanali Mshona ayi. Anali bambo wa kwathu, munthu wolemekezeka, yemwe anavutika zaka zambiri kuti asinthe chitupa chake chomulemba kuti ndi mlendo chikhale cha unzika. Iye anati ngati iye anatha, enawo akulephera chifukwa sakufuna, ndipo kuwapatsa chakudya popanda pepala ndi kuwalimbikitsa kukhala pansi. Sindinawaone ngati ouma mtima. Anali kulankhula kuchokera pa bala lawo. Mnzanga yemwe tinayendera limodzi agogo uja anawafunsa modekha kuti, "Bambo, inu munayambira pati? Satifiketi ya kubadwa munali nayo?" Anavomera kuti anali nayo, poti bambo awo ankagwira ntchito ku njanji ndipo analembetsa ana onse. Anakhala chete nthawi yaitali. Sanasinthe maganizo tsiku limenelo, koma sanatsekereze chigamulo.

Chotsutsa china chinali choona ndipo chikadali choona: chakudya sichikukwana kale, mukawonjezera pakamwa aliyense adya zochepa. Pamenepa panalibe yankho lokoma. Walira mvula walira matope. Tinavomereza kuti magawo achepa, ndipo tinagwirizana kuti anthu tiwauze poyera tisanayambe.

Tinasintha tanthauzo la banja. M'malo mwa poloti, banja linakhala anthu odyera mphika umodzi. M'malo mwa chitupa chokha, munthu akhoza kubwera ndi chilichonse mwa izi: chitupa, khadi la ku kiliniki, kalata ya ku sukulu ya mwana, bukhu la bungwe la maliro, kapena kalata ya abusa kapena a shehe. Wopanda chilichonse abwere ndi mboni ziwiri zochokera m'mabanja osiyana, zosakhala abale ake, ndipo anthu awiri a m'komiti akafike pakhomo pake. Banja lililonse limapatsidwa nambala ya nkhokwe. Pa fomu yatsopano sitinaike funso la mtundu, dziko la makolo kapena chipembedzo. Ena ankafuna kuti tiziwerenga zimenezi kuti tidziwe ngati tikufikira onse, ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Koma mndandanda wa anthu opanda mapepala, wokhala ndi mayina ndi komwe amagona, ndi chinthu choopsa chikagwa m'manja olakwika, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu. M'malo mwake tinatsegula bukhu lachiwiri, la pa geti. Aliyense wobwera osalembedwa amalembedwamo tsiku ndi chifukwa chake, dzina pokhapokha iye atafuna, ndipo bukhulo limawerengedwa pa msonkhano uliwonse wa komiti. Wa pa geti salinso ndi mphamvu yobweza munthu.

Tinasinthanso kukula kwa magawo. Kale dzina lililonse linkalandira thumba lofanana, kaya pakhomo pali anthu awiri kaya asanu ndi anayi. Tsopano pali magawo atatu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu, malinga ndi pakamwa. Ichi ndi chomwe chinakwiyitsa anthu kuposa nkhani ya zitupa, chifukwa thumba lofanana limaoneka ndi maso kuti ndi chilungamo, pamene kugawa molingana ndi anthu kumafuna kufotokoza. Tinaitana msonkhano wa onse n'kufotokoza m'Chishona ndi m'Chichewa, mwana wa bambo wosamva uja akumasulira ndi manja. Zilankhulo zitatu zonsezi zili m'gulu la 16 zomwe malamulo a 2013 amavomereza, koma aka kanali koyamba kuti nkhokwe yathu izigwiritse ntchito pa msonkhano umodzi. Anthu ena anatuluka msonkhano uli mkati. Wamalonda mmodzi anasiya kutipatsa masamba atamva kuti m'bale wake gawo lamuchepera.

Bungwe lotithandiza poyamba linakana. Anati owerengera chuma chawo amafuna nambala ya chitupa pa mzere uliwonse. Sitinakangane nawo za ufulu. Tinawalembera kalata yofotokoza momwe njira ya mboni ndi ulendo wa pakhomo imagwirira, ndipo tinawaonetsa kuti imatsimikiza zambiri kuposa chitupa, poti chitupa chimangonena kuti munthu alipo, sichinena kuti ali ndi njala kapena kuti pakhomo pake pali angati. Tinawapempha kuti wogwira ntchito wawo azisankha yekha mabanja m'kaundula n'kukawaona osatiuza. Kwa miyezi iwiri yodikira yankho, mabanja opanda zitupa ankadya zosonkha za mpingo ndi za bungwe la maliro, zoikidwa m'matumba ofanana ndi ena, pa mzere umodzi, kuti wina asadziwike. Kenako anavomera kuyesa kwa miyezi itatu, ndipo itatha sanabwererenso pa lamulo lakale.

Za tsiku zinatheka msanga. Loweruka silikanatheka chifukwa cha a Sabata, ndipo tinadzazindikira kuti Lachisanu linkavutanso ena a mipingo ya Masowe, omwe amapemphera tsikulo. Tinasankha Lachiwiri, m'mawa ndi madzulo, kuti a maganyu asataye tsiku lonse. Abusa anali ndi nkhawa yomveka, yoti holo ndi ya mpingo ndipo sangalole kuti Mulungu achotsedwemo. Tinagwirizana kuti pemphero lizichitika m'tchalitchi kwa ofuna, kugawa kuzichitikira pabwalo, ndipo malo a munthu pa mzere asadalire ngati analowa kupemphera. Pali tebulo losinthira, pomwe wosafuna nyama ya m'chitini amatenga nyemba kapena kapenta osafunsidwa chifukwa. Okalamba, odwala ndi olumala amalembetsa munthu wamkulu wowatengera, ndipo wopanda wotere achinyamata amamutengera pa wilibala. Mwana wa sukulu sitimulola kukhala wotengera.

Zomwe zinatsatira

Agogo analowa m'kaundula mu Ogasiti, mboni zawo zikhala mayi wochapa uja ndi mayi wina wa ku mzikiti. Mwezi wachiwiri vuto linabuka komwe ambiri sitinayembekezere. Landilodi, yemwe gawo lake linali litachepa, anayamba kufuna kuti banja lililonse la kuseri lizimupatsa mbale ya ufa ndi mafuta pang'ono, akuti za magetsi, ndipo anaopseza agogo kuti awatulutsa poti ndi iwo anabweretsa "anthu a mabuku" pa poloti. Ena m'komiti anafuna kuti timuchotse m'kaundula. Tinakana. Banja lake nalo ndi losauka, lili ndi ana, ndipo linayenerera gawo lake. Kumulanga kukanagwera agogo omwewo usiku ife titapita. Wapampando ndi a shehe anapita kukakhala naye pansi ngati akuluakulu, ndipo anasiya kulanda ufa. Mtendere unakhalapo miyezi ingapo, kenako anakweza lendi ya kabini ya agogo yokha. Pa zimenezo nkhokwe ilibe mphamvu. Amayi a ku mzikiti anawapezera chipinda mbali ya Caledonia, achinyamata athu n'kuwasamutsa. Poti dzina lawo linali litamangidwa pa mphika osati pa poloti, sanaphonye mwezi ngakhale umodzi. Tikanakhala kuti tinangowawonjezera pansi pa poloti ya landilodi monga ena ankanenera, kusamukako kukanawachotsa m'kaundula.

Amene mukufuna kusintha lamulo ngati ili, ganizirani msanga za anthu omwe lamulo lakale linkawakomera, makamaka ngati ali ndi mphamvu pa omwe mukufuna kuwathandiza. Alandilodi anafunika kukambirana nawo paokha msonkhano wa onse usanachitike. M'mapoloti ena tinatero pambuyo pake, ndipo mavuto anachepa.

Njira ya mboni nayo inayesedwa. Amuna awiri anachitirana umboni kuti aliyense ali ndi mphika wake pamene amadya pamodzi, ndipo wachitatu anawasainira. Ulendo wa pakhomo unagwira zimenezo. Tinaphatikiza mayina awo kukhala banja limodzi, ndipo wosainirayo sadzakhalanso mboni. Ntchito ya maulendo yachuluka kwambiri, odzipereka amatopa, ndipo awiri anasiya.

Komiti inawonjezera mipando itatu: wa ochita lendi, wa amayi a ku mzikiti, ndi wa anthu olumala. Mpando wa ochita lendi anthu anasankha mayi wochapa uja. Iwo ndi amene anatiuza kuti ufa wokha suthandiza banja lomwe lilibe chophikira, ndipo kuti nyemba zouma zimadya nkhuni zambiri kuposa momwe banja la m'kabini lingakwanitsire, chinthu chomwe ife okhala m'nyumba za magetsi sitinkachiganizira. Kuchokera pamenepo, mabanja otere timawapatsa nyama ya soya kapena kapenta poyamba. Agogo tinawapempha mpando, anakana chifukwa cha maondo, koma akhala mboni ya mabanja angapo ochokera m'mafamu a ku Mvurwi omwe palibe wina akanawadziwa.

Za mapepala tinatumiza banjalo kwa maloya othandiza anthu mwaulere. Bambo uja anatsutsa pa msonkhano anapempha kuti chakudya chizipitirira pokhapokha banja likuonetsa kuti likuyesetsa kupeza mapepala. Komiti inakana kumanga ziwirizi pamodzi, chifukwa kuchedwa kwa mapepala sikuli m'manja mwa banja, ndipo mwana sangadikire fayilo kuti adye. Chodabwitsa n'chakuti bambo yemweyo ndi amene tsopano amaperekeza mabanja ku maofesi, poti njira zake amazidziwa kuposa tonse. Kudzera m'bungwe la maliro anapeza mkulu wina ku Epworth yemwe anakulira m'komboni imodzi ndi agogo ndipo akukumbukira makolo awo. Mdzukulu wamng'ono anabadwira ku kiliniki, ndipo mbiri ya kubadwa kwake inapezeka m'mabuku a kumeneko, choncho fayilo yake ndi yomwe ili patsogolo. Mtsikana wamkulu anabwerera ku sukulu, aphunzitsi aakulu atamulandira mapepala asanatuluke, koma satifiketi idzafunika polembetsa mayeso a Giredi 7.

Mvula ya dzinja lotsatira inagwa bwino, ndipo mu 2025 thandizo lochokera kunja linachepa m'mabungwe ambiri. Lathu nalo latiuza kuti chakudya chichepa. Komiti tsopano ikukambirana za momwe tichepetsere mndandanda, ndipo pamsonkhano wapitawu wina ananena kuti oyamba kuchoka akhale omwe analowa pomaliza. Atatero ndiye kuti mabanja onse olowa ndi mboni achoka limodzi, agogo ali m'gulu. Mayi wa mpando wa ochita lendi anapempha kuti m'malo mwake mabanja onse ayenderedwenso, akale ndi atsopano, ndi mafunso ofanana: akudya kangati pa tsiku, pali ana angati, alipo wogwira ntchito. Komiti idzavota pa njira ziwirizi mwezi wamawa. Fayilo ya agogo ikudikira mboni yachiwiri, ndipo bungwe la maliro likufunsa ku Dzivarasekwa, komwe akuti kuli mayi wina wa ku famu yomweyo.